Mwana wathu wabwerako ku yunivesite semesita yoyamba isanathe: kodi orientation ija amathandiza nayo ndani?

Nabanda_waChamama
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule kwa inu, mwina ena munadutsamo. Mwana wa achimwene anga, amene ndakhala ndikumulera chimwalirireni bambo ake, analemba MSCE pa CDSS ya kwathu kuno ku Kasungu n'kupeza mapointi 14. Dzina lake litatuluka pa mndandanda wa NCHE wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, mudzi wonse unalulutira, ngakhale agogo ake amene miyendo inawakana kale anadzuka pamphasa. Sukulu inatsegulira mu February, fodya akadali m'munda, m'nkhokwe muli mbee. Tinagulitsa mbuzi ziwiri, ine n'kukatenga ngongole ku banki mkhonde, koma ndalama zinakwana mochedwa moti mwana anafika kusukulu patadutsa masiku 9. Sabata ya orientation, yolandirira ndi kulangiza ophunzira atsopano, anaipeza itatha.

Lero ali pakhomo. Nditamukhazika pansi ndi pamene ndamva zinthu zondiwawitsa mtima. Sankadziwa kuti maphunziro amayenera kulembetsa yekha pa kompyuta, ankangolowa m'kalasi potsatira anzake, moti phunziro limodzi dzina lake silinalowe n'komwe. Sankadziwa kuti ma asayimenti ndi timayeso ta pakati pa semesita amaziphatikiza ndi mayeso omaliza, iye ankaziyesa ngati za kusekondale zoti ukalakwa umangopepesa kwa aphunzitsi. Ankagona pansi m'chipinda cha mnyamata wina amene anadziwana naye m'basi, kudya kamodzi patsiku. Ndamufunsa kuti nanga bwanji sunafunse? Wangoti, "Azakhali, ndikanafunsa ndani? Aliyense amaoneka kuti akudziwa kale."

Sukuluyo sinditchula chifukwa sindinabwere kudzanyoza munthu. Ndikungofuna kudziwa: orientation imeneyi amaphunzitsako chiyani? Nanga mwana akaiphonya chifukwa cha umphawi, basi zake zathera pomwepo?

Mlimi_waSanthe
Pepani achemwali, koma safunsa anadya phula. Mwana wa mapointi 14 sangalephere kufunsa njira. Ana a masiku ano foni ili m'manja tsiku lonse, za mpira wa ku England amazidziwa mpaka dzina la wosewera wapabenchi, ndiye za sukulu yake yomwe azilephera?

Msungwana_waKamwendo
Abambo a ku Santhe, chonde musamuweruze mwanayo. Ine ndine wa ku Mchinji, pano ndili chaka chachitatu, ndipo orientation ndinakhalapo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu osajomba. Ndikuuzeni zimene ndinaona. Anatilowetsa m'holo yodzaza, ena ataima m'mawindo. Akuluakulu a sukulu ankasinthana pa maikolofoni, aliyense Chingerezi chothamanga, sipika ikulira. Atatha iwo kunabwera a banki kudzatsegulitsa ma akaunti, kenako a makampani a foni, kenako apolisi. Ndinalemba masamba 6 m'kope langa koma Lolemba lotsatira ndinaima kutsogolo kwa bolodi ya timetable osamva kanthu, zilembo ndi manambala okhaokha, sindimadziwa kuti ili ndi dzina la phunziro, ili ndi la chipinda.

Tsiku loyamba kupita ku laibulale ndinalowa ndi chikwama kumsana. Alonda anandibweza pamaso pa anthu, ena n'kundiseka ndi dzina loitanira a chaka choyamba lija kuti "yearo uyu". Mwezi wathunthu sindinapondekonso. Kufunsa n'kosavuta kwa munthu amene sakuopa kuti akatsegula pakamwa aliyense adziwa kuti wachokera kumudzi. Amene anandipulumutsa ndi mesho wanga, wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa chaka chachinayi. Anandigwira dzanja, kunditengera ku lab ya makompyuta n'kundikhalira pambali mpaka nditalembetsa maphunziro onse. Zimene anandiphunzitsa iye masana amodzi zinaposa za m'holo za sabata yonse.

Mlimi_waSanthe
Mwanawe ndakumva. Koma iwe si uli komweko mpaka lero? Ndiye kuti zimatheka.

Msungwana_waKamwendo
Zinatheka chifukwa ndinapeza malo ku hositelo ndiponso mesho wamtima wabwino, abambo. Umenewo ndi mwayi chabe. Mwana wa a Nabanda ankagona pansi kunja kwa sukulu.

KaleYearo
Ine ndinakhalapo mu komiti ya bungwe la ophunzira yokonza sabata imeneyi, ndiye ndiulule mmene zimakhalira. Pulogalamu amaikonza poyang'ana maofesi amene akufuna kulankhula, osati poyang'ana zimene mwana asowe Lolemba m'mawa. Ofesi iliyonse imapatsidwa mphindi zake, ndipo mkulu aliyense amafuna kufotokoza mbiri ya ofesi yake. Ife a bungwe mtima wathu unkakhala pa disko ya Loweruka ndi mpira wa ma yearo ndi ma conti (ophunzira amene ali kale pasukulupo). Sindikunyadira zimenezi, ndikungonena zoona.

Chimene sitinachiganizirepo ngakhale kamodzi ndi cha obwera mochedwa. Ndipo obwera mochedwawo ndi ndani? Ndi omwewa a kwathu kuno, odikira kuti mbuzi igulidwe, odikira malume atumize pa Mpamba kapena Airtel Money. Mwana wa m'tauni amene mkulu wake anadutsa kale pasukulupo amafika tsiku loyamba pa galimoto, pomwe iyeyo ndi amene orientation sakuifuna kwenikweni. Woifunitsitsa amafika mahema atapasulidwa.

Lekichala_wakwaKaomba
Mayi Nabanda, pepani kwambiri ndi zimene zachitikazi. Ine ndimaphunzitsa pa yunivesite ina ya boma, ndipo ana ngati wanuyo ndimawaona chaka chilichonse, kapena ndinene kuti ndimawaona mochedwa, dzina likatuluka lopanda malikisi. Ndisanapite patali ndifunse kaye: mwanayo anachita kuchotsedwa ndi kalata atalephera mayeso, kapena anangonyamuka yekha? Pali kusiyana kwakukulu.

Za orientation, nkhaniyi si ya kuno kokha. Katswiri wina wa ku America, Vincent Tinto, analemba mu 1975 kuti wophunzira amakhalitsa pa koleji akalumikizika mbali ziwiri: mbali ya maphunziro ndi mbali ya anthu. Akhale kuti akumvetsa zimene kalasi ikufuna kwa iye, komanso akhale ndi anthu amene akasowa tsiku limodzi afunse kuti ali kuti. Imodzi ikaduka, mwana amayamba kuchoka mumtima thupi lisananyamuke. Ku University of South Carolina mu 1972 anayambitsa phunziro lotchedwa University 101, loti ana atsopano azikumana m'timagulu tating'ono semesita yonse, kuphunzira mmene moyo wa pa yunivesite umayendera. Makoleji ambiri kunjako anatengera njira imeneyi.

Chifukwa chake n'chomveka. Sabata yoyamba mwana sadziwa n'komwe choti afunse. Ukamuuza za kubera zolemba za ena mu asayimenti asanapatsidwepo asayimenti, mawuwo amangodutsa. Funso lenileni limabwera sabata yachinayi kapena yachisanu, akalandira pepala loyamba lili ndi 8 pa 20, iye amene kwawo anali nambala wani kuyambira Fomu 1. Tsiku limenelo ndi limene pamafunika munthu, ndipo nthawi zambiri sipakhala aliyense. Ine ndikanakonda kuti mwana aliyense watsopano apatsidwe wophunzira wa chaka chachitatu womudziwa ndi dzina, mmodzi kuyang'anira ana osapitirira 10, ndipo azikumana sabata iliyonse mpaka mayeso oyamba atadutsa. Komanso pakhale orientation yachiwiri, ya tsiku limodzi lokha, sabata yachitatu, ya obwera mochedwa. Zimenezi sizifuna kumanga nyumba.

Nabanda_waChamama
Zikomo aphunzitsi. Kalata sanalandire. Anachoka kutatsala masabata awiri kuti mayeso ayambe. Akuti fizi inali isanathe, ndiye anamva kwa anzake kuti wangongole salowa m'chipinda cha mayeso, komanso mumtima anali atagamula kale kuti walephera. Sanatsanzike kwa aliyense, anangokwera basi.

Lekichala_wakwaKaomba
Ndiye musachedwe, mayi. M'mayunivesite mwathu muli njira yoti wophunzira apemphe kuimitsa kaye maphunziro pa zifukwa za ndalama kapena za matenda, n'kusungiridwa malo. Amalembera kalata kwa Registrar. Vuto ndi loti mwana wanu anachoka osalemba, ndiye m'mabuku akuoneka ngati wothawa. Alembe sabata inoyi, afotokoze zonse mmene zinayendera, tsiku limene anafika, za ndalama, za kogona, ndipo apite yekha akaonane ndi Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Sindingakulonjezeni yankho chifukwa sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake ndi nthawi zake, koma kukhala chete ndi kumene kumatsekeratu chitseko.

KaleYearo
Mwaona? Nkhani ya kusungitsa malo imeneyi pa orientation amainena m'chiganizo chimodzi, mwinanso osainena. Ndi imene imayenera kulembedwa pa kapepala m'Chichewa ndi m'Chitumbuka n'kupatsa mwana aliyense kuti akapereke kwa makolo.

Kabaza_paDepoti
Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2 koma ana amenewa ndimawanyamula ine pa depoti pano. Matilesi atakulunga ndi chingwe, ndowa, kathumba ka ufa, mbaula. Chaka chino ena ndawaona akutsitsa thumba la ufa kusiya chifukwa kondakitala akufuna ndalama ya katundu yofanana ndi ya munthu. Chiyambireni kugwa kwa kwacha kuja mu November 2023, pamene anaitsitsa ndi 44%, thiransipoti sinakhalenso pamodzi. Kuchoka pano kupita ku Lilongwe kokha ndalama yatha, ndiye wina akakwerenso ya ku Zomba kapena ku Thyolo.

Mlimi_waSanthe
Apa ndiye mwanena, achimwene a kabaza. Nkhani ndi ndalama basi. Orientation sadya. Mungamuonetse mwana laibulale ndi makompyuta, koma m'mimba muli njala awerenga chiyani? Ife ndalama timaiona fodya akalowa ku msika wa Chinkhoma, kuyambira April kupita m'tsogolo, ndi soya akauma. Sukulu yotsegulira mu February ikupempha mlimi ndalama nthawi imene iye akudya maungu ndi nkhwani. Chaka chatha ine ndinagulitsa soya kwa mavenda asanaume bwino kuti ndilipirire mwana ku sekondale, sikelo yawo yokhotakhota ija, ndinalira nazo.

Mayi_aMapasa
Za masikelo a mavendazo musayambe n'komwe. Kwathu ku Mkanda thumba loti kunyumba mwaliyeza bwinobwino likafika pa sikelo yawo lachepa. Ndipo amabwera nthawi yomwe akudziwa kuti sukulu zikutsegulira.

Kabaza_paDepoti
Amadziwa kalendala ya sukulu kuposa makolo amenewo, mayi.

Woyanganira_Gulu
Abale, za mavenda tinakambirana kale mwezi watha ndipo tidzakambirananso. Tiyeni tibwerere kwa mwana wa a Nabanda.

Lekichala_wakwaKaomba
A ku Santhe sakunama, ndipo sindikufuna kuoneka ngati ndikuphimba njala ndi misonkhano. Kale ana otengedwa ndi boma ankadya ku kafeteriya, pano aliyense amadzionera yekha chakudya, ndipo malo ogona pasukulu sakwanira chiwerengero cha ana. Koma taonani nkhani imene tili nayoyi. Mwanayu sanachoke tsiku limene anayamba kudya kamodzi. Anapirira miyezi itatu. Anachoka atamva mphekesera ya mayeso n'kusowa woitsimikizira. Bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB lilipo kuyambira 2015, maofesi ena a Dean amadziwa za mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amene amalipirira ana ovutika, koma zonsezi zimapita kwa amene wadziwa khomo logogoda. Umphawi ndi kusadziwa zikakumana pa mwana mmodzi ndi pamene timamutaya. Chimodzicho sitingachithetse chaka chino, chinacho tingathe.

Mlimi_waSanthe
Ine ndikuonabe kuti mukupaka mafuta pachilonda cha mkati. Koma pitirizani.

Mphunzitsi_waNkhamenya
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhuleko monga mphunzitsi wa pa CDSS. Ife mwana tikamulembetsa MSCE timaona ngati ntchito yatha. Zotsatira zikatuluka timajambulitsa naye, kenako amakhala kumudzi miyezi yambiri kudikira kusankhidwa ndi kutsegulira, akulima, Chingerezi chikuchita dzimbiri. Pasukulu pathu kompyuta ndi imodzi, ya mu ofesi ya ahedi, yoyendera sola. Mwana amachoka kuno asanagwirepo mouse. Kumeneko tsiku lachiwiri akuuzidwa kuti alowe pa portal, asinthe password, atumize asayimenti yotayipa. Ndinaona mwana wanga wina wakale akutayipa masamba 5 pa kafoni kosweka galasi, chala chikuchekeka.

Komanso kaphunzitsidwe kathu. Ife timalemba notsi pa bolodi, ana amakopera, timayendera makope, wojomba timamutumizira uthenga kwa makolo. Kumeneko lekichala amalankhula ola limodzi n'kutuluka, ukajomba palibe wokufunsa. Mwana amayesa ufulu, osadziwa kuti ndi msampha.

Ndiye ine ndikuti orientation iyambire kuno. M'mera mpoyamba. Mndandanda wa NCHE ukatuluka timadziwa ana onse a m'dera lathu amene asankhidwa, kaya ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST, ndipo timawadziwanso opita ku ma TTC ndi ku makoleji a ntchito zamanja. Bwanji osawasonkhanitsa Loweruka limodzi pa boma, pamodzi ndi makolo, n'kuitana ana athu omwe ali kale m'masukuluwa ali pa holide? Awauze za mafomu a loni ndi nthawi yake yotsekera, kuti chiphaso cha unzika chikhale chokonzeka, za lendi ya kunja kwa sukulu monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, ndi zoti ukachedwa kufika uyambe wapita ofesi iti. Wopita ku Bunda achoke pamenepo ali ndi nambala ya mnzake wa ku Kasungu amene ali kale ku Bunda.

Chisale_Mtunthama
Aphunzitsi, maganizo anu ndi abwino koma ine ndikukana pang'ono. Tizolowera kusenza katundu wa eni ake. Yunivesite imalandira fizi, ili ndi anthu olembedwa ntchito yosamalira ophunzira. Tikayamba ife kuchita ntchito yawo ndi ndalama zathu za m'thumba, iwo adzagona tulo tofa nato. Mwana akalowa pageti ndi wawo. Afunsidwe kuti mwa ana amene anawalandira chaka chatha ndi angati afika chaka chachiwiri, ndipo otsalawo anapita kuti. Ziwerengero zimenezo aziziika poyera monga amaikira mndandanda wa osankhidwa.

Mphunzitsi_waNkhamenya
A Chisale, zofunsa ziwerengerozo ndikugwirizana nazo kwathunthu. Koma pamene tikudikira kuti ayankhe, ana a chaka chino akunyamuka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine sindingayang'ane mwana amene ndamuphunzitsa zaka 4 akukagwa m'dzenje lomwe ndikuliona, eti chifukwa kukwirira dzenjelo ndi ntchito ya wina.

Chisale_Mtunthama
Chabwino, koma pa msonkhano wanuwo mudzaitaneko ndi a yunivesite amve okha. Asamangomva kuti kumudzi zikuyenda.

Mayi_aMapasa
Nonse mukukamba za makompyuta, ine ndikambe za ana aakazi. Wanga ali chaka chachiwiri. Mwezi woyamba ndalama itamuthera, anayamba kulandira mafoni kwa bambo wina wa galimoto amene amazungulira kumene ana amachita lendi, wodziwa bwino kuti pakati pa mwezi ana alibe ndiwo. Mwamwayi anandiuza. Anzake ena sananene kwa aliyense, wina pano ali ndi mwana kumudzi. Pa orientation akuti anangowauza kuti "mudzisamale" n'kugawa makondomu. Kudzisamala kwake kotani munthu asanadye? Awauze poyera kuti pali anthu otere, ena ndi ophunzira anzawo akuluakulu, ena ndi ogwira ntchito pomwepo, ndipo wina akakuopseza ndi malikisi upite chipinda chakuti kwa mayi wakuti.

Namwino_KU
Kuwonjezera pa mayiwa: lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kuphatikizapo m'masukulu. Mwana akadziwa kuti si nkhani yopempha chifundo koma ya lamulo, amalimba mtima. Koma zimenezi sizinenedwa m'holo ya anthu mazana, anyamata akuimba mluzu kumbuyo. Zimafuna kagulu kochepa, atsikana paokha ndi mayi wachikulire, anyamatanso paokha.

Ndipo anyamatawo musawaiwale. Ndalama ya loni ikangolowa, mwana amene sanagwirepo ndalama yochuluka chotero amaiona ngati siitha. Wina amagula foni, wina amatumiza theka kumudzi chifukwa amayi akudwala, wina amaiponya ku betting kuti ichuluke. Pofika pakati pa semesita alibe kanthu, ali ndi katapila, ndipo sangauze makolo chifukwa mudzi wonse unamuvinira. Kuchipatala timawaona akubwera ndi mutu wosapola, kusagona, mtima kuthamanga. Ukafunsitsa umapeza kuti ndi nkhawa. Amuna athu anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndiye amafa nazo mumtima. Munthu wokhala naye pansi n'kulemba bajeti ya mwezi pa pepala, lendi mwakuti, ufa mwakuti, makala mwakuti, bandulo mwakuti, angapulumutse ambiri.

Nabanda_waChamama
Anamwino mwandikhudza. Wangayu chibwerereni sakutuluka m'nyumba masana. Amapita kudimba m'bandakucha anthu asanadzuke, kubwerako kutada. Ku tchalitchi wasiya chifukwa anamupempherera kutsogolo tsiku lonyamuka. Akamva njinga yaima pabwalo amalowa kuchipinda.

Namwino_KU
Musamusiye yekha nthawi yaitali, mayi, ndipo musalole achibale kumamufunsa mafunso pagulu. Muuzeni lero lomwe kuti pali kalata yoti alembe. Munthu akakhala ndi chochita cha mawa mtima umayamba kutsika. Mukaona kuti sakudya kapena akulankhula zotaya mtima, bwerani naye kuchipatala msanga, alipo anthu ophunzitsidwa kucheza ndi ovutika maganizo.

Ndodo_Yoyera
Ine ndine wosaona, pulayimale ndinaphunzira ku Chilanga konkuno, ndipo ndinamaliza digiri zaka zingapo zapitazo. Uthengawu ndikulemba ndi foni yolankhula. Pa orientation yathu anagawa mapu a sukulu a papepala, ine n'kulandiranso langa. Kenako anati tiyende gulu lonse kuona malo, wotsogolera akungoti "uko ndi ku laibulale, apa ndi pa ofesi", ine osadziwa kuti uko ndi kuti. Sabata yachiwiri ndinagwera mu ngalande ya madzi pafupi ndi makalasi, bondo mpaka lero limandikumbutsa kukazizira.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wosesa. Loweruka lina anayenda nane kuchoka ku hositelo kupita ku kalasi iliyonse, katatu katatu, ine ndikuwerenga mapazi ndi kugogoda ndodo pa ngodya. Anandiuza kuti ukamva fungo la chipisi wafika pokhotera kumanzere. Imeneyo ndiye inali orientation yanga. Ndikumva a lekichala akunena za mmodzi kuyang'anira ana 10, ndikuvomereza, koma kwa ife olumala zikonzedwe mwana asanafike. Fomu yofunsira malo imafunsa kale za ulumali, ndiye sukulu imadziwa kuti tikubwera.

Gogo_waWimbe
Ana anga, ine ndinaphunzira uphunzitsi kalekale, nthawi ya a Kamuzu. Sindinena kuti zonse zinali bwino, koma tikafika pa koleji tinkapeza dzina lili pachitseko, bedi lilipo, belu likalira tikadye. Tinali ochepa. Lero mwachuluka, ndipo n'zabwino kuti mwana wa mlimi wa ku Chamama akulowa yunivesite. Koma amene anakulitsa khomo anaiwala kuwonjezera mphasa. Chimene ndimaona chikugwirabe ntchito ndi magulu a mapemphero. Mdzukulu wanga anakalandiridwa pa depoti ndi a SCOM, anamunyamulira katundu, Lamlungu anamutenga. Akatolika ali ndi YCS, Asilamu nawonso ali ndi gulu lawo. Iwowa alibe bajeti koma amadziwa kufunsa mwana dzina ndi kwawo.

Msungwana_waKamwendo
Zoona agogo, magulu amenewa amagwira ntchito. Koma si onse amapemphera, ndipo ena amaopa kuti akalandira thandizo ndiye kuti alowa gulu. Komanso a mapemphero sangakuuze kuti phunziro ili ukalephera pang'ono umalemba sapu (mayeso obwereza), ukalephera ambiri umabwereza chaka kapena kuwididwa (kuchotsedwa sukulu). Zimenezo zimafuna munthu wa dipatimenti yako yomweyo. Ine chaka chino ndadzitengera ndekha ma yearo anayi a ku Mchinji ndi Kasungu, timakumana Lachitatu madzulo pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale. Sabata yatha mmodzi anabwera ndi asayimenti atakopera ndime yonse pa intaneti, osadziwa kuti ndi mlandu woti ungamuchotsetse sukulu. Iye amati akusonyeza kuti wawerenga.

KaleYearo
Achemwali, zimene mukuchitazo ndi zimene bungwe la ophunzira limayenera kuchita m'malo mowaseka ma yearo ndi kuwatuma madzi usiku. Nkhanza zija timazitcha mwambo, koma mwana wamanyazi ukamuchititsa manyazi sabata yoyamba, sadzafunsanso conti chilichonse mpaka adzachoke.

Chisale_Mtunthama
Ndiye a lekichala, inu muli mkati. Zimenezi munazinenapo ku misonkhano yanu kapena mukungotiuza ife pano?

Lekichala_wakwaKaomba
Ndinazinenapo, a Chisale, kawiri. Yankho limakhala loti amene aziyang'anira anzawowo adzafuna alawansi ndipo ndalama palibe. Mu dipatimenti yathu tinangoyamba tokha. Sabata yachisanu timatenga mayina a onse amene sanapereke asayimenti yoyamba kapena sanalembe timayeso, n'kuwaitana mmodzimmodzi, osati kudzawakalipira koma kudzawafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Semesita yapitayi mtsikana wina anangoyamba kulira ndisanamalize funso. Anali asanadye kuyambira dzulo lake, ndipo ankaganiza kuti ndamuitanira kudzamuchotsa. Ali nafe mpaka pano. Koma kalasi ya chaka choyamba ikakhala ya ana mazana, munthu mmodzi sungawafikire onse, n'chifukwa ndimalimbikira za ophunzira akuluakulu. Ngakhale opanda alawansi, kalata yoyamikira yoti adzaike pa CV ambiri angaifune.

Mphunzitsi_waNkhamenya
Ine ndalankhula kale ndi ahedi athu, avomera kuti tikapemphe kalasi pa sukulu ina ya pa boma mndandanda wotsatira ukangotuluka. Ofuna kuthandiza mundipeze ku inbox, makamaka inu amene muli m'makoleji pano. Pakufunikanso wina wobwereketsa laputopu ziwiri kapena zitatu tsiku limenelo kuti mwana aliyense agwireko.

Mlimi_waSanthe
Laputopu ndilibe. Koma ana a ku Santhe ndi Kawamba amene adzasankhidwe ndidzawabweretsa pa lole yanga, ndi makolo awo omwe. Ndikufuna ndidzafunse ndekha za kalendala ija.

Nabanda_waChamama
Abale, ndabwera kudzanena kuti usiku wathawu ndinamuwerengera zonse zimene mwalemba, kuyambira za achemwali a ku Kamwendo ndi chikwama ku laibulale. Pamenepo anaseka koyamba chibwerereni, akuti nayenso anabwezedwa chimodzimodzi. Kalata walemba yekha pa tebulo la kusitolo kwanga, masamba awiri, ndipo ahedi a pa CDSS yake alonjeza kulemba ina yomuchitira umboni. Ndakongolanso ya basi, anyamuka Lolemba. Chimene akuopa n'choti akafika pa ofesi akangomuuza kuti "siyani pamenepo" kalatayo n'kusowa. Achite bwanji?

Msungwana_waKamwendo
Azakhali, achititse fotokope makalata onse awiri, atengenso ID yake ya sukulu, kalata yomuitanira ija ndi malisiti onse a ku banki a fizi imene munalipira. Akapereka ku registry apemphe kuti amudindire kope yakeyo ndi deti, imeneyo abwere nayo kunyumba. Kwa Dean apite m'mawa, masana mzere umatalika. Ndiuzeni ku inbox sukulu yake, ngati si yathu ndili ndi anzanga m'masukulu enawo, wina akamudikirira pageti kuti asakalowe yekha.